Mkuzi wa agogo ndi buku la kusikelo

Mwanayo anabadwa mu Juni 2023, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, m'mudzi wina wa m'boma la Dedza pafupi ndi malire a Mozambique. Kunkazizira monga mmene kumachitira ku Dedza nyengo imeneyo, koma pakhomopo panali zonse: ufa, mtedza, nyemba ndi mbatata. Agogo ake akuchikazi atamulandira m'manja anati wabwera ndi mwayi popeza wapeza nkhokwe yodzaza. Panalibe amene anawerenga miyezi ya kutsogolo. Akadawerenga akadaona kuti mwana wobadwa mu Juni amakwanitsa miyezi 6 mu Disembala, ndipo amayamba kudya phala pa nthawi imene ufa wayamba kuchepa m'nyumba.

Kuchipatala kumene anabadwira anamubaya katemera wa chifuwa chachikulu pamkono, namudonthezera wa poliyo m'kamwa, ndipo mayi ake anapatsidwa kabuku ka kusikelo kolembedwa kuti mwana walemera makilogalamu 3. Kumudzi mayi ndi mwana anakhala m'chikuta kufikira mchombo utagwa. Tsiku lotuluka anamumeta tsitsi, namupatsa dzina, ndipo agogo anamumanga mkuzi m'chiuno. Bambo ake, pokhala mkamwini pamudzipo, anaima chapatali kudikira kuti apongozi awaitane, ndipo asananyamule mwana anayamba aponya kandalama pamphasa. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo anali ndi miyeso iwiri. Wina unali m'kabuku, wosungidwa m'pulasitiki kudenga kuopa chiswe ndi mvula, ndipo wina unali m'chiuno mwake, umene agogo ankauyesa ndi chala nthawi zonse akamusambitsa.

Miyezi yoyambayo inayenda bwino. Pa masabata 6, 10 ndi 14 mayiyo anamubereka kupita kukabayitsa akatemera, ndipo ulendo uliwonse ankabwera mwana atatentha thupi pang'ono, n'kugona bwino mawa lake. Sabata ya katemera woyamba uja ndi imene mwanayo anayamba kumwetulira, ndipo mpaka lero makolo ake sanagwirizane kuti anayamba kumwetulira ndani. Agogo ankamutcha "mkazi mnzanga", akumunena kuti wabwera kudzawalanda mwamuna. Atakwanitsa miyezi itatu, agogowo anaumirira kuti apatsidwe madzi ndi kaphala kamadzimadzi, poti bere lokha silingakhutitse munthu. Mayiyo anakana mwaulemu, nati kusikelo anauzidwa kuti mpaka miyezi 6 mwana aziyamwa bere lokha. Agogo anang'ung'udza, koma mkuzi unali kumbali ya mayiyo, chifukwa unathina kawiri konse ndipo anachita kuumasula n'kumanga wina wautali. Pofika Novembala ankamukhazika m'beseni atamutchinjiriza ndi nsalu kuti aphunzire kukhala, ndipo Khirisimasi isanafike ankakhala yekha pamphasa, akukoka mchira wa mphaka. Sikelo inaonetsa makilogalamu 7.

Zinthu zinayamba kutembenuka kumunda. Mu Julayi bamboyo anali atagulitsa mtedza wonse ndi soya kwa mavenda, nasunga ndalamayo kuti adzagule feteleza. Anachita zimene mlimi wanzeru aliyense amachita. Koma mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yawo ija sinafikenso pamene ankayembekeza. Mu Januwale nkhokwe inali itaonetsa pansi. Bamboyo anakwera njinga n'kuwoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Angónia, kumene malipiro ake ankakhala chimanga, ndipo ntchito yopalira ndi kubandira inatsalira mkazi wawo.

Mayi amene akubandira yekha ekala yathunthu amachoka mbandakucha ndipo amabwera dzuwa litapendeka. Mwana amene ankayamwa nthawi ina iliyonse anayamba kuyamwa m'mawa, madzulo ndi usiku basi. Masana ankatsala ndi agogo, amene ankamuphikira phala la ufa woyera ndi kamchere, losungunuka kuti lisamutsamwitse. Ankalimwa ndithu, mimba n'kutuluka, ndipo aliyense womuona ankati wakhuta. Apa ndi pamene mabanja ambiri amanamizika, pakuti kamimba ka mwana wa miyezi 7 kamadzaza ndi kakapu kamodzi, ndipo ngati m'kapumo muli madzi ochuluka ndi ufa wochotsedwa gaga, mwanayo wadzaza mimba koma thupi silinalandire chomangira.

Kumayambiriro kwa Febuluwale dzino loyamba linatuluka, ndipo sabata yomweyo mwana anatsegula m'mimba. Anthu onse anati ndi mano. Chikhulupiriro chimenechi n'chovuta kuchithetsa chifukwa maso amachichitira umboni: mano ndi kutsegula m'mimba zimabweradi nthawi imodzi. Chimene chimazikumanitsa n'chakuti pa msinkhu umenewu mwana wayamba kukwawa, akutola chilichonse n'kuika m'kamwa kuti akande nkhama, wayamba kudya za m'mbale, ndipo kwa mwana uyu inalinso nyengo ya mvula pamene madzi a pachitsime amada. Liwombo litalowa, agogo anapaka mankhwala pamutu monga anachitira ndi ana awo onse asanu ndi awiri.

Komabe agogo omwewo ndi amene anazindikira kuti zinthu sizili bwino. Tsiku la sikelo linali likadali kutali, ndipo mayiyo, chifukwa cha kutopa ndi kumuona mwana tsiku ndi tsiku, sanaone kusintha. Madzulo ena akumusambitsa, agogo analowetsa zala ziwiri pansi pa mkuzi, kenaka zitatu. Anaitana mwana wawo.

"Iwe, tabwera udzaone. Mkuziwu unali wothina pa Khirisimasi. Mwanayu akubwerera m'mbuyo."

"Si mano kodi, amayi?"

"Ana onse amamera mano. Mawa kumunda usapite."

M'mawa mwake anapita onse awiri kwa mlangizi wa zaumoyo, amene anthu m'mudzimo amangomutcha adokotala. Sikelo inaonetsa kuti mwana watsika kuchoka pamene anali mu Disembala, ndipo kamzere ka m'kabuku, kamene kanali kakukwera mwezi ndi mwezi, kanaweramira pansi. Mlangiziyo anamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kaja, ndipo kanaima pachikasu, pa masentimita 12. Kakadatsika kupitirira 11.5 kakadalowa pofiira, pamene mwana amafunika chiponde cha kuchipatala. Anapereka Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki, nafotokoza kuti liwombo limalowa thupi likatha madzi, ndipo limadzuka mwana akamwa.

Chimene mlangiziyo anachita pambuyo pake n'chimene alangizi ena amachiphonya. Sanadzudzule agogo za mankhwala a pamutu, ndipo za mkuzi sanaseke. Anawafunsa kuti anadziwa bwanji, ndipo atamva anati, "Agogo, sikelo yanga imabwera kamodzi pamwezi, yanu ili pakhomo tsiku lililonse. Mukadzaonanso zala zikulowa, musadikire tsiku la sikelo." Atatero ndi pamene anayamba nkhani ya phala, ndipo ankalankhula moyang'ana agogo, podziwa kuti mthiko uli m'manja mwawo. Kawirikawiri uphungu wa kusikelo umapatsidwa kwa mayi yekha, amene akafika kunyumba alibe mphamvu yotsutsa mayi ake kapena apongozi ake, ndipo uphunguwo umathera panjira.

Malangizo ake anali achidule. Phala likhale la mgaiwa, lolimba moti lisamayenderere pasupuni. Muziikidwa nsinjiro, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena usipa wosinja, ndi kasupuni ka mafuta ngati alipo, ndi masamba ophika opota. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku kuwonjezera pa bere, ndipo kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, m'mbale yakeyake kuti zioneke kuti wadya zochuluka bwanji. Zonsezi banjalo linazimva. Vuto linali lakuti mtedza ndi soya zinapita ndi mavenda mu Julayi, ndipo kambale ka mtedza pamsika tsopano kanali pa mtengo woti munthu wa ganyu sangaufikire.

Anayamba ndi zimene zinalipo. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso zinali mbwee m'munda. Mlongo wake wa bamboyo anatumiza mtedza wotsala pa mbewu. Ndipo panali nkhuku zitatu zoikira. Pa mazira panavuta, chifukwa agogo anakula akumva kuti mazira amadwalitsa ana, ndiponso dzira pamudzi limawerengedwa ngati nkhuku ya mawa kapena ndalama ya mchere ndi sopo. Mwina chifukwa chachiwirichi ndi chimene chinabala choyambacho kalekale. Mkamwini atabwera kuchokera ku Angónia ndi thumba la chimanga panjinga, nkhaniyo inamupeza. Sakadatha kutsutsana ndi apongozi pamaso, choncho anangouza mkazi wake mokweza mawu pang'ono, ali kuseri kwa nkhokwe, kuti nkhuku yakuda ija waipereka kwa mwana, ndipo mazira ake mwini wake ndi mwanayo. Agogo anamva, ndipo sanayankhe. Mawa lake anaphika dzira n'kulinyenyera m'phala, akudandaula kuti mkazi mnzawo tsopano walandanso nkhuku.

Mwana sabwerera msanga ngati mmene amatsikira. Mu Malichi, mwezi umene analandira katemera wa chikuku, kamzere kanangoima. Mu Epulo kanadzuka pang'ono, maungu ndi zitheba zitayamba kupezeka. Mwezi wa Malichi womwewo boma linali litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a m'Malawi ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo zokolola za banjali nazo zinali zochepa kusiyana ndi chaka chinzake. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Kupinimbira kotere kumayamba mwakachetechete m'miyezi ngati imeneyi, mwana asanakwanitse zaka ziwiri, pamene palibe amene akudwala moti n'kugonekedwa m'chipatala.

Atakwanitsa chaka mu Juni 2024 anali asanayambe kuyenda. Ankaimirira atagwira mtondo, n'kukhalanso pansi. Mwana wa nyumba yoyandikana nayo, wobadwa mwezi womwewo, anali akuthamangitsa kale anapiye, ndipo kuchitsime kunayamba manong'onong'o akuti mwina mayiyo ali ndi pakati pena. Mlangizi uja anawakhazika mtima pansi. Kafukufuku amene bungwe la WHO linafalitsa mu 2006, wochitika pa ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, anaonetsa kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Agogo sanasamale za maiko amenewo. Iwo anali atamanga kale mkuzi wachinayi, ndipo chala chimodzi chokha ndi chimene chinkalowa.

Pokolola mtedza chaka chimenecho, bamboyo anapatula ndowa ziwiri za mtedza ndi imodzi ya soya, nazithira m'matumba, n'kukaziika m'nyumba ya apongozi, kumene iye mwini sangalowe wamba. Ankadzidziwa kuti Okutobala akafika, feteleza akadzafunika, mtima udzamunyengerera. Mavenda anabwera mu Ogasiti ndi sikelo zawo, ndipo mtengo unali wabwino kuposa chaka chatha. Mmodzi wa iwo, atamva kuti pakhomopo patsala mtedza, anakhala pakhonde nthawi yaitali akuwonjezera mtengo pang'onopang'ono. Bamboyo anayang'ana kunyumba ya apongozi, nakanda m'mutu, n'kunena kuti mtedzawo mwini wake ndi wina, ndipo anamuloza. Mwiniwakeyo, wa miyezi 14, anali atasiya mtondo masiku anayi apitawo, ndipo pa nthawiyo anali pakati pa bwalo, miyendo ili tang'a, akulondola nkhuku yakuda ija kulowera kukhola.