Khutu Ndilo Lisankha Mbale ya Jazz

Woimba ng'oma amene afuna kumveka monga Elvin Jones kapena Art Blakey ayenera kuyambira pa mbale ya mkuwa yochedwa cymbal. Kucokera m'zaka za m'ma 1940, pamene Kenny Clarke anasamutsira kugunda kwa nyimbo pa mbaleyi, ndiyo itsogolera gulu lonse.

Akatswiri aja anali kuomba mbale za K Zildjian, zosulidwa ndi nyundo pamanja ku Istanbul, za magawo 80 a mkuwa ndi 20 a tini. Fakitale ija inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mbale zotsalazo zidula koopsa. Koma amisiri a Istanbul Agop ndi Bosphorus akali kusula mwa njira yomweyo.

Tsono wogula asatengeke ndi dzina, pakuti mbale zosulidwa pamanja sizilira mofanana ngakhale zitacokera m'ng'anjo imodzi. Atenge kamtengo kake, aombe yopyapyala ya mainchi 20 kapena 22, mnzake ataima patali kumvetsera. Ngati kugunda kwa kamtengo kumira m'phokoso, aisiye. Ikalira motsika, kugunda kulikonse kukumveka padera, ndalama yake sidzapita pacabe.