Loko wa Chinsinsi cha Odwala

Kwathu kuno ku Chiradzulu, mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV adayamba kuperekedwa mu 2001 ndi thandizo la bungwe la MSF. Maina a olandira mankhwalawa adachuluka, ndipo m'kupita kwa nthawi adachoka m'makaundula n'kulowa m'makompyuta. Paja walira mvula walira matope: dzina lomwe lidali m'kabati yokhoma, lero likuyenda pa intaneti.

Ntchito yanga ndi yosamutsa mafayilo otere kuchoka pa seva ina kupita pa inzake. Njira zakale, Telnet ndi FTP, zimatumiza pasiwedi ili pambalambanda, ngati kalata yopanda envulopu. N'chifukwa chake ndimadalira SSH, yomwe Tatu Ylönen adaikonza mu 1995 akuba mapasiwedi atavutitsa pa yunivesite yake ku Finland. Iyo imasokoneza zonse zodutsa m'njira moti wozitola sawerengapo kanthu.

Ndimapanga makiyi awiri apachibale. Wina, yemwe ali ngati loko, ndimamuika pa seva yakutaliyo. Mnzake wotsekulira sachoka pa kompyuta yanga. Ndikatero ndimaletsa kulowa ndi pasiwedi, root yemwe ndi mwinimudzi wa makinawo ndimamutsekera khomo lakunja, ndipo mafayilo amadzera pa SFTP. Mnzathu akasiya ntchito, kiyi wake ndimamufufuta tsiku lomwelo.

Ena amati ndimakhwimitsa zinthu mopyola muyeso. Komatu m'mafayilomo muli mayi yemwe sadaululebe kwa apongozi ake. Dzina lake likangomveka pachitsime, mwezi wamawa sadzabweranso kudzalandira mankhwala.