Kwa Mphwanga, pa Nkhani ya Lole Yakumwa Madzi

Wokondedwa mphwanga,

 

Mayi ako andiuza kuti lole yako ija yayamba kumwa madzi, moti m'mawa uliwonse usananyamuke umathira chigubu chathunthu mu radiyeta. Nkhani imeneyi yandisowetsa mtendere. Injini yabwino simwa madzi, amangozungulira momwemo. Akamachepa ndiye kuti pali potulukira. Iwe umakwera chitunda cha Thabwa utadzaza matumba kuchokera ku Chikwawa, dzuwa lili pamutu. Tsiku lina madziwo adzakuthera pakati pa chitunda, hedi idzapindika, ndipo ndalama yomwe ukuiumira lero udzailipira kambirimbiri.

Komabe usathamangire kugula pampu ya madzi chifukwa choti anzako a pa siteji atero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo imika lole pamalo ouma, uyale katoni pansi pa injini. M'mawa dontho likuuza mbali yoyambira kufufuza. Yamba ndi zotchipa. Finya mapaipi a labala uone ngati alimba, afufuma kapena ang'ambika pafupi ndi makilampu. Uonenso chivundikiro cha radiyeta, chomwe ambiri amachipeputsa. Ndicho chimasunga mphamvu ya mpweya m'katimo kuti madzi, omwe amawira pa madigiri 100, apirire mpaka pafupifupi 120. Labala wake akatha, madzi amathawa ngati nthunzi osasiya dontho pansi.

Ukatero fika pa pampu. Tenga tochi, ugone pansi, uyang'ane kunsi kwake, kuseri kwa pule. Pali kabowo kakang'ono komwe opanga anakasiya dala kuti silo ya m'kati ikatha, madzi azitulukira pamenepo. Ukapeza ponyowa, kapena mkwasa wouma woyererako kapena wobiriwira ukutsika kuchokera pakabowoko, silo yapita. Usakatseke ndi guluu; madziwo akalowera ku beyaring'i. Kenako, injini ili chizimire, masula lamba, ugwire pule ndi manja awiri, uigwedeze. Siyenera kusewera ngakhale pang'ono. Uizunguze pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Ikamakhwekhwereza, pampuyo yatha ntchito.

Koma ngati kunja konse kuli gwa, madzi n'kumachepabe, pampu ilibe mlandu. Utsi woyera wosatha injini itatentha kale, thovu lotumphuka mu radiyeta, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, zonsezi zimaloza ku gasiketi ya hedi. Zikatero pita kugalaja komwe ali ndi chipangizo chopopera mpweya mu radiyeta, akayeze.

Kusintha pampu si ntchito yoopsa. Dikira injini izizire. Chivundikiro chotsegulidwa injini ikadali yotentha chawaula nkhope za anthu ambiri. Chotsa waya wa batire, ukhuthulire madzi mu beseni. Jambula pa foni momwe lamba wadutsira usanamuchotse. Mabawuti a pampu nthawi zambiri sakhala ofanana kutalika, ndiye uziwabaya pa katoni motsatira malo awo. Pampu yakaleyo upite nayo kusitolo, uyiike pambali pa yatsopano, uwerenge mabowo, uyerekeze mapiko a m'kati. Wogulitsa akati “ndi yomweyo, bwana,” khulupirira maso ako.

Pomwe anyamata ambiri amalakwitsa ndi pokonza malo okhalapo pampu. Pala gasiketi yakale yonse mpaka chitsulo chiwale, koma mosamala, osachikanda. Kachidutswa kotsala ngati chikhadabo n'kokwanira kudonthetsa pampu yatsopano. Mankhwala omatira upake ochepa kwambiri, chifukwa otsala amasweka n'kukatseka timipata ta radiyeta. Mabawuti uyambe kumanga ndi dzanja, kenako ndi sipanala pang'onopang'ono modumphitsa, ili kuno ili uko, kuti pampu ikhale mofanana. Lamba usamukoke ngati chingwe chomangira katundu. Ukamudina ndi chala chachikulu pakati, azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Wothina kwambiri amapha beyaring'i msanga.

Pali amakaniko amene adzakuuze kuti kuno n'kotentha, thermostat ilibe ntchito, ingoichotsa. Ukane. Imatseguka yokha madzi akafika pa madigiri cha m'ma 80, ndipo injini ya dizilo yoyenda yozizira imadya mafuta ambiri n'kutha msanga. Ngati yafa, gula ina. Ukanenso zoswera dzira kapena kuthira fodya mu radiyeta.

Pothira madzi, sakaniza kulanti ndi madzi oyera theka ndi theka. Madzi a pa mjigo, makamaka a kuchigwa ku Chikwawa kumeneko, ali ndi mchere womwe umadya chitsulo ndi silo. Liza injini chivundikiro chili chotsegula mpaka thovu la mpweya lithe, uwonjezere, utseke, ndipo mawa lake uonenso mlingo. Kulanti wakale usamusiye mu beseni pabwalo. Amatsekemera koma ndi poizoni, ndipo pakhomo pako pali ana ndi agalu.

Loweruka lino usalandire katundu wa munthu aliyense. Yala katoni Lachisanu madzulo, ndipo m'mawa undiimbire foni uli pansi pa loleyo, undiuze chomwe ukuona. Upereke moni kwa onse.

Ndine,
Malume ako