Mulu wa kwale timaudya kuyambira pamwamba

Ine ndimayendetsa katapila wokumba, uja wamkono wautali, ndipo ntchito yanga yambiri ndi yofukula milu imene ophwanya miyala anasiya m'mbali mwa mapiri. Kuno ku Blantyre kulibe malasha ngati a ku Mchenga ku Rumphi, kapena yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga. Mgodi wathu ndi kwale, monga wa ku Njuli pa msewu wa ku Zomba. Ngakhale simenti yakale ya mumzinda uno, mwala wake unkakumbidwa ku Changalume, kuseri kwa phiri la Zomba. Paliponse pamene anaphulitsa thanthwe pamatsala mulu wa dothi, mwala wofumbutuka, fumbi ndi zimiyala zimene makina ophwanya anakana.

Kale milu yotere inalibe woifuna. Zinthu zinatembenuka mu 2018 boma litaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zamalonda. Oumba mabuloko a simenti anachuluka kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe, fumbi la kwale n'kusanduka ndalama. Eni malo anayamba kukumbukira zimene anataya.

Ndikafika pamulu sindithamangira kuliza injini. Ndimayamba ndauzungulira wapansi. Ndikaona udzu wobiriwira m'munsi mwake mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndimadziwa kuti otaya anakwirira kasupe, ndipo m'kati mwa muluwo ndi phala. Ming'alu pamwamba, kapena mitengo yopendekera kumunsi, zimandiuza kuti muluwo unayamba kale kuyenda, kungoti pang'onopang'ono.

Kenako ndimalambula kanjira kokwera mpaka pansonga. Dothi lakuda lapamwamba ndimalisenda n'kuliunjika padera, chifukwa lidzafunika pomaliza. Ndikatero ndimatsika ndi muluwo ndikudula masitepe, lililonse lopendekera pang'ono kuphiri, ndi ngalande kumbuyo kwake yotengera madzi kumbali. Zimene ndatapa ndimakhuthulira pa chisefa cha zitsulo zowotcherera. Zosalala zimagwa pansi, matipa n'kutenga. Miyala yapakatikati imapita ku maziko a nyumba. Ikuluikulu imagulidwa ndi amayi oswa miyala, amene amaiwotcha ndi matayala akutha kuti ing'aluke, kenako n'kuikhalira ndi hamala tsiku lonse, mwana ali kumbuyo. Utsi wake ndi woipa, koma ndani angawaletse poti ndiwo zamadzulo zili pamenepo?

Chimene ndimakangana nacho ndi kukumba kuyambira pansi. Anyamata a piki ndi wilibala amakonda patsinde poti m'pafupi ndi msewu, ndiye amafukula mphanga mpaka mulu kulendewera pamutu pawo. Mulu wotayidwa ndi anthu sugwirana ngati phiri lachilengedwe. Madzi akalowa umalemera, n'kutsetsereka pa dothi lakale limene anaukhazikapo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Limenelo linali phiri lenileni, lokhala ndi thanthwe m'kati. Nanga mulu wongothiridwa ndi matipa ungalimbe bwanji?

Mwala ukatha m'pamene pamaoneka mtima wa mwini ntchito. Ambiri amangoti, "Adalaivala, dizilo wadula, tiyeni tisiyire pomwepa." Chonsecho lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, silinabwere kudzakongoletsa mashelefu, ndipo wokumba ayenera kukonza pamene wawononga. Ntchito yake si yambiri. Ndimagonetsa malo otsetsereka kuti munthu athe kukwera osagwira pansi, n'kutsendera ndi unyolo wa katapila, n'kubwezera dothi lakuda lija. M'ngalande timayalamo miyala kuti madzi asakumbe. Mvula ikakhazikika mu Disembala timabzala vetiva m'mphepete mwa sitepe lililonse, poti mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi. Pakati timaikapo mthethe ndi keshya, mitengo yopirira pa nthaka yosauka. Mbuzi ndi moto wa osaka mbewa ndiwo adani a zobzalazi, choncho chaka choyamba pamafunika mlonda.

Masiku ano kwabwera vuto lina. Malo akangosalala, ogulitsa mapoloti amafika ndi zikhomo ndi chingwe. Ogula ena amandifunsa ngati angamangepo. Ndimawauza kuti akumbe dzenje mpaka apeze dothi lofiira lolimba limene silinasunthidwepo, ndipo akapitirira msinkhu wa munthu akutulutsabe zidutswa za kwale, akabweze polotiyo kwa amene anawagulitsa.