Tchalitchi chopanda denga ku Coventry

Zoyamba kufika m'tchalitchi chakale cha St Michael ndi nkhunda, poti izo sizidikira kuti wina atsegule chipata. Denga kulibe. Makoma a miyala yofiirira ali chiimire, mazenera ali yasa opanda magalasi, ndipo nsanja ya mamita pafupifupi 90 yaloza kumwamba ngati kuti moto sunafikepo. Ikamakwana 9 koloko, ophunzira a Coventry University amadutsa m'mbalimo, zikwama kumsana, nyimbo m'makutu. Ambiri sacheuka n'komwe.

Dengali linapita usiku wa pa 14 November 1940, pomwe ndege za Germany pafupifupi 500 zinakhuthula mabomba mpaka mbandakucha. Anthu oposa 500 anafa, nyumba zoposa 4,000 zinaphwasuka. Sikuti adaniwo anangolota dzina la mzindawu. Coventry unali mzinda wa mafakitale, ndipo makampani monga Daimler, Alvis ndi Armstrong Siddeley anali kalikiliki kupanga injini za ndege ndi zida zankhondo, ena a iwo khoma ndi khoma ndi nyumba za anthu. Izi alendo ojambula zithunzi sakonda kuziganizira.

Lachisanu, 12 koloko ikakwana, kagulu kamasonkhana kuguwa kudzapempherera chiyanjano. Mvula ikagwa amanyowa, basi. Pamwamba pa guwalo pali mtanda wa mitengo yowauka. Mmisiri wa miyala, Jock Forbes, ndiye anaona mitanda iwiri ya denga itagwa mopingasana, n'kuimanga pamodzi. Mtanda woyambawo anausunga m'tchalitchi chatsopano chapafupi, uwu ndi wofanizira. Koma chimene chimandiimika ine ndi mawu awiri a pakhoma kuseri kwake. Mkulu wa tchalitchichi pa nthawiyo, Richard Howard, analembetsa pempho loti Atate akhululuke, koma dala sanatchule woti akhululukidweyo. M'chinenero chathu tingati anachotsa ka "-wa-" kaja ka mu "muwakhululukire" kamene kamaloza anthu ena. Munthu woti nyumba yake yopemphereramo yangopsa kumene, n'kukana kuloza chala! Mwina ankadziwa zimene zinkatuluka m'mafakitale a mzinda wake. Mu February 1945 ndege za Britain ndi America zinatentha Dresden, ndipo lero mizinda iwiriyi ili pa ubale.

Pemphero likangotha, malowa amasanduka podyera nkhomaliro. Ogwira ntchito m'maofesi amakhala pamabenchi n'kumasula tizakudya tawo, ana asukulu akuthamangitsana mphunzitsi akuwawerenga mitu. Nyengo yolandira madigiri ndiye kumakhala gwirigwiri: mikanjo yakuda, makolo ochokera ku Nigeria, India ndi China atatchena, aliyense akufuna chithunzi pamasitepe, pansi pa chiboliboli cha Jacob Epstein cha mngelo Mikayeli atagonjetsa Satana. Khamulo limatuluka m'tchalitchi chatsopano cha Basil Spence, chomwe anachipatula mu 1962 pafupi penipeni ndi bwinjali, osaligumula.

Madzulo kumazizira msanga. Mayi wina wokalamba wakhala yekha pafupi ndi chosema cha anthu awiri ogwada atakumbatirana, chimene chinzake chili ku Hiroshima. Wavula golovesi imodzi n'kugwira khoma. Mlonda akuyenda pang'onopang'ono, makiyi ali m'manja, akumupatsa mpata. Kuseri kwa makoma, anthu athinana pamalo okwerera basi, ndipo nkhunda zayamba kubwerera m'mazenera.