Kope la Anthu a Padoko



Ena a inu mukafuna ndalama kapena mchere mumangotuluka m'nyumba n'kuyenda pang'ono. Ife amene tinachoka ku Nkhotakota kukasodza usipa kumpoto kwa nyanja tinakhala zaka zingapo pamalo pamene mapiri amagwera m'madzi mwenimweni, msewu kulibe. Msewu wathu unali Ilala, sitima ija inapangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Masiku amenewo inkaima pa Tcharo kamodzi pa sabata popita kumpoto, n'kukagona pa Chilumba Lamulungu usiku.

Kumapeto kwa June 2016, Ramadhani ili pafupi kutha, anthu a padoko anatisankha awiri, ine ndi alamu anga, kuti tipite kwa Karonga tikatape ndalama ndi kugula za Idi. Munthu wopita kutauni sapita yekha. Usiku wonse anthu ankabwera ndi timaenvulopu, ife tikulemba m'kope: uyu mafuta ophikira malita asanu, uyu shuga, uyu nsalu za ana, uyu mpunga wa Kilombero. Aphunzitsi ena, Mkhristu wa ku Rumphi, anatipatsa khadi lawo la kubanki n'kutinong'oneza nambala yake yachinsinsi. Pomaliza anafika mayi wina wamasiye, amene mwamuna wake tinamuika m'manda chaka chomwecho. Anati, "Bambo, izi n'za fizi ya mwana. Mukaike kubanki ya sukulu, mundibweretsere kapepala."

Pa Tcharo palibe pokocheza sitima. Imaima patali, boti lake laling'ono n'kumatuta anthu ndi matumba a usipa. Mwera unali utakwiya tsiku limenelo, ndipo tinakwera makwerero titanyowa mpaka m'chiuno, kope tili nalo pachifuwa m'pepala la pulasitiki. Akuluakulu m'sitimamo sanachedwe kukumbutsana za Vipya, imene inamira m'madzi omwewa mu July 1946 n'kupita ndi anthu 145. Nkhani yotere siikoma pamene mafunde akumenya, koma amaikamba ndithu ulendo uliwonse. Wapaulendo amaloledwa kumasula swaumu n'kudzabweza pambuyo, koma ife tinapirira, ndipo tinafutulu ndi nthochi ndi madzi sitima ikuyandikira Chilumba.

Tinagona kwa achibale, m'mawa n'kukwera minibasi ya kwa Karonga, ulendo wa makilomita pafupifupi 70 pamsewu wa M1. Pamakina otapira ndalama panali mzere wautali, popeza unali mwezi watha. Nthawi imeneyo ndalama yaikulu inali K1,000, ya K2,000 inabwera kumapeto kwa chaka chomwecho, choncho malipiro a aphunzitsi aja anadzaza thumba lonse la jekete. Tinagula zolembedwa m'kope chimodzichimodzi, tikuchonga. Zimenezi zimatopetsa kuposa kukoka khoka, chifukwa wamalonda aliyense chenji chake, ndipo chenji chilichonse chili ndi mwini wake kunyanja.

Mayesero anatipeza dzuwa litapendeka. M'sitolo ina tinaona ukonde womwe tinkaufuna chaka chonse, wathu unali zigamba zokhazokha. Mtengo unali wabwino, ndipo unatsala umodzi. Titawerenga zathu zinaperewera. Envulopu ya mayi wamasiye inali isanaikidwe, chifukwa kubanki kuja tinapeza anthu ambiri n'kuti tidzabwera mawa.

"Alamu, sukulu ikutseka posachedwa," anatero anzanga. "Fiziyi sakuifuna lero. Tikapha usipa usiku utatu tabweza."

Tisanamize munthu, mawuwo anatikomera tonse awiri. Tinakhala pakhonde la sitoloyo nthawi yaitali tikuwerengera, ndipo mawerengero ankatuluka bwino ndithu. Sitinkaganiza zakuba. Tinkati n'kubwereka. Koma wobwereka amapempha, ndipo mwini ndalamayo anali kutali, kopanda foni yogwira. Sanatipatse kuti tiziyendetse m'mene tikuonera ife, anatipatsa ngati amana, chosungitsa. Komanso ndani mwa ife asodzi amene angalonjeze za usipa m'nyengo ya mwera? Pali masabata amene bwato silitsika m'madzi n'komwe. Tikadabwerera opanda kapepala kaja, tikadayenera kumuuza bodza, tili pa swaumu, masiku khumi omaliza.

Azana ya Asri inatipeza tikadali pomwepo. Tinapita kumzikiti, ndipo potuluka palibe anayambitsanso nkhani ya ukonde. M'mawa mwake tinali oyamba pamzere wa kubanki.

Ilala inali itabwerera kummwera kalekale, pakuti pa Chilumba siinkachedwa. Kuidikira kunali kutaya sabata yathunthu, ndiye tinadzera pamsewu mpaka pa Chiweta, n'kutsikira ku Mlowe, kumene tinapeza boti la injini. Titafika, anthu anadzaza pamchenga. Tinatsegula kope n'kumaitana maina. Aphunzitsi anawerenga zawo kawiri pamaso pathu, ndipo sitinakhumudwe, ndi m'mene ziyenera kukhalira. Mayi uja sadziwa kuwerenga. Anatenga kapepalako, n'kukapinda, n'kukamanga pansonga ya chitenje, anati "Zikomo bambo," n'kumapita kukaphika futari.

Ukonde tinadzagula mu September ku Nkhata Bay, mtengo utakwera.