Chikamwini cha kutsidya kwa nyanja

Ndikali pansi pa mtengo wa mango kuno ku Rivirivi, mtima wanga sunachoke pa zimene ndawerenga mmawa uno za a Minangkabau, anthu a pa chilumba cha Sumatra m'dziko la Indonesia, amene, angakhale ali Asilamu okhazikika pa chipembedzo chawo, minda ndi nyumba zawo zimatsata bere la amayi, mwamuna napita kukalowa pakhomo pa mkazi wake, pamene malume, amene iwo amutcha mamak, ndiye woyang'anira ana a mlongo wake, monga achitira mwini mbumba pakati pa Ayao ndi Achewa kuno kwathu.

Ha, chikamwini kutali konseko, kuseri kwa nyanja yaikulu ya mchere!

Ndakumbuka J. Clyde Mitchell, amene anadza kudzakhala m'midzi ya Ayao kuno kummwera mu 1946, nawerenga nyumba ndi mbumba, natulutsa buku lake The Yao Village mu 1956. Zoonadi mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mtima wanga ulakalaka tsiku limene mwana wa ku Balaka kapena ku Machinga, woleredwa ndi amalume ake, adzapita kukakhala pakati pa a Minangkabau, nadzatiuza zimene maso ake adzazindikira, zobisika kwa iye amene sanaone chikamwini chibadwire.

Abale anga, inu amene munakulira kuchikazi, mukadafika kumeneko, mukadayamba kuwafunsa chiyani?